Mwana wochedwa kukula ku America: kampani ya inshuwalansi tiziyeza ndi chiyani?

M'zigawo zambiri za dziko la America, mwana akalembedwa pa Medicaid, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma yothandiza mabanja opeza zochepa ndi olumala, makolo amalandira kalata yowauza kuti asankhe kampani imodzi mwa zingapo yoti iziyendetsa chithandizo chake cha kuchipatala. Akapanda kusankha, boma limawasankhira. Kwa mwana wathanzi, amene amangofunika katemera ndi mankhwala a chifuwa kamodzikamodzi, kampani iliyonse ndi yomweyo. Koma kwa mwana amene wakwanitsa zaka ziwiri osatchula mawu ngakhale amodzi, kapena amene anzake akuthamanga iye akadali kukwawa, kalatayo ndi nkhani yaikulu. Kampani yomwe yasankhidwa ndi imene inganene ngati katswiri amuona mwezi uno kapena chaka chamawa, komanso kuti amuona kangati.

Ana otere si ochepa. Bungwe la boma loona za matenda, CDC, limati mwana mmodzi mwa 6 aliwonse a zaka 3 mpaka 17 ali ndi vuto lina lake la kakulidwe, kuyambira kuchedwa kuyankhula, kuvutika kuphunzira, cerebral palsy (vuto la mu ubongo losokoneza kayendedwe ka thupi), mpaka autism (vuto lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena). Pa autism pokha, chiwerengero chomwe linatulutsa mu 2023 chinali mwana mmodzi mwa 36 a zaka 8, ndipo cha mu 2025 chinafika mmodzi mwa 31. Medicaid pamodzi ndi CHIP, inshuwalansi ina ya boma ya ana, zimalipirira ana pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse m'dzikolo. M'gulumo muli ana a Amalawi ndi a Zambia okhala ku Indiana, Texas, Maryland ndi kwina, choncho si nkhani ya kutali monga ikumvekera.

Ndalama zimayenda bwanji

Medicaid inayamba mu 1965, ndipo kwa zaka zambiri boma linkalipira dokotala pa ntchito iliyonse yomwe wagwira. Wayeza mwana, walipidwa, wamuyezanso, walipidwanso. Ndalama zinkatha kwambiri, ndipo panalibe munthu mmodzi amene ankayang'anira ngati chithandizocho chikugwirizana. Njira ya managed care, yopereka ntchito yoyendetsa chithandizo kwa makampani a inshuwalansi, inabwera pofuna kuthana ndi zimenezi. Chigawo cha Arizona chinalowa mu Medicaid mu 1982 ndi njirayi kuyambira pachiyambi, ndipo lamulo la Balanced Budget Act la 1997 linapeputsira zigawo zina kukakamiza anthu kulowa m'makampani. Lero anthu pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse a pa Medicaid ali m'manja mwa makampani, ndipo asanu okha, Centene, Elevance, UnitedHealth, Molina ndi Aetna ya CVS, agwira pafupifupi theka la anthu onsewo.

Mtima wa njirayi ndi wakuti boma limapatsa kampani ndalama yokhazikika pa munthu aliyense mwezi uliwonse, kaya munthuyo wadwala kaya sanadwale. Zotsala kampani ikalipira madokotala ndi zipatala ndiye zoyendetsera ofesi ndi phindu. Ganizirani waganyu amene wapatsidwiratu ndalama yofanana pa ndime iliyonse: ndime ya dothi lofewa aikonda, koma ya nansongole aizemba, kapena aipalapasa pamwamba pokha. Mwana wofunika mafizo kawiri pa sabata kwa zaka zitatu ndi ndime ya nansongole ija.

Sikuti palibe zotchinga. Zigawo zimawonjezera ndalama pa anthu odwalitsitsa, ndipo lamulo la 2016 linati mitengo iziikidwa mwakuti ndalama zosachepera 85 pa 100 zilizonse zizipita ku chithandizo ndi kuchikonza. Komanso pali zabwino zenizeni zomwe kampani yabwino ingachite zomwe njira yakale sinkachita: kupereka munthu mmodzi woyendetsa nkhani zonse za mwana, kukonza galimoto yopita kuchipatala, kukumbutsa masiku. Ine sindikhulupirira kuti managed care ndi yoipa mwa iyo yokha. Koma kumene ndalama ikukokera n'kodziwika, ndipo aliyense woyeza kampani ayambe ndi kuvomereza zimenezo.

Lamulo lili kumbali ya mwana, papepala

Makolo ambiri sadziwa kuti mwana wa pa Medicaid ali ndi ufulu waukulu kuposa munthu wamkulu wa pa Medicaid yomweyo, ngakhalenso kuposa ana ambiri a inshuwalansi ya kuntchito. Ufuluwu umatchedwa EPSDT. Unakhazikitsidwa mu 1967 ndipo unakulitsidwa mu 1989. Umati aliyense wosakwana zaka 21 aziyezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo vuto likapezeka, alandire chithandizo chilichonse chofunikira chomwe lamulo la Medicaid limalola, ngakhale chigawocho sichipereka chithandizo chimenecho kwa akuluakulu. Chithandizocho sichiyenera kuchiritsa kuti chivomerezedwe. Chokwanira n'chakuti chikukonza vutolo kapena kulipeputsa, kapena kuletsa kuti lisakule.

Mfundo imeneyi ndi yomwe mikangano yambiri imazungulirapo. Inshuwalansi inazolowera munthu amene anali bwino, wachita ngozi, ndipo akufunika masabata angapo a mafizo kuti abwerere mwakale. Ukatha mwezi ndi theka akuyenda, nkhani yatha. Mwana wochedwa kukula alibe mwakale mobwerera. Akuphunzira koyamba kumeza, kugwira supuni, kuloza chomwe akufuna. Amapita patsogolo pang'onopang'ono, nthawi zina amaima miyezi ingapo kenako n'kudumpha. Kwa nthawi yaitali makampani ankakana chithandizo chotere ponena kuti si kubwezeretsa chomwe chinatayika, kapena kuti ndi ntchito ya sukulu. Lamulo la Affordable Care Act la 2010 linaika chithandizo chophunzitsa luso latsopano m'gulu la zofunika pa inshuwalansi yomwe anthu amagula paokha ndi ya ogwira ntchito m'makampani ang'onoang'ono, ndipo mu July 2014 ofesi ya boma yoyang'anira Medicaid, CMS, inauza zigawo momveka kuti chithandizo cha autism chili pansi pa EPSDT. Choncho kampani ya Medicaid siyenera kunena kuti maulendo a katswiri wa zoyankhula ndi 20 pachaka basi, mwana akufunika ochuluka kapena ayi. Ikhoza kupempha kuti dokotala afotokoze chifukwa chake, koma malire ouma kwa mwana saloledwa.

Ana a inshuwalansi ya kuntchito ali pena. Mabwana akuluakulu ambiri amalipira okha ndalama za odwala awo, kampani ya inshuwalansi n'kumangoyendetsa mapepala. Mapulani otere ali pansi pa lamulo la 1974 lotchedwa ERISA, ndipo malamulo a zigawo okakamiza kulipira chithandizo cha autism sawakhudza. N'chifukwa chake mabanja ena opeza bwino amafunafuna njira yolowetsera mwana wawo pa Medicaid. Njira ina inatsegulidwa ndi nkhani ya Katie Beckett wa ku Iowa, kamtsikana komwe kanakhala m'chipatala zaka pafupifupi zitatu chifukwa Medicaid ikanasiya kulipira akanapita kunyumba. Pulezidenti Ronald Reagan anaitchula nkhaniyi mu 1981, ndipo lamulo la 1982 linalola zigawo kuwerengera chuma cha mwana wolumala payekha, osati cha makolo ake.

Zomwe manambala amaona ndi zomwe saona

Apa ndi pomwe pali vuto lenileni. Makampani amayezedwa kwambiri, koma osati pa zomwe mwana wathu akufuna.

Muyezo wodziwika kwambiri ndi HEDIS, wa bungwe loona za ubwino wa chithandizo la NCQA, lomwenso limapereka nyenyezi kwa makampani mpaka zisanu. HEDIS imawerenga zinthu monga ana angati alandira katemera yense pofika zaka ziwiri, angati apita kukayezedwa pa nthawi yake, angati ayezedwa mtovu m'magazi. Zonsezi n'zofunika, koma ndi zinthu za mwana aliyense, zosavuta kuwerenga, zotsika mtengo. Kampani ikhoza kupambana pa zonsezi kwinaku ikudula maola a mafizo a mwana wa cerebral palsy, ndipo nyenyezi zake sizingagwe. Ana ofunika chithandizo chambiri ndi ochepa poyerekeza ndi gulu lonse, choncho mavuto awo amamira m'chiwerengero cha onse.

Pali muyezo umodzi womwe umayandikirako. Pa mndandanda wa boma wotchedwa Child Core Set, womwe zigawo zakakamizidwa kupereka malipoti ake kuyambira 2024, pali funso lakuti ana angati anaunikidwa kakulidwe kawo ndi chida chovomerezeka asanakwanitse chaka chimodzi, ziwiri ndi zitatu. Bungwe la madokotala a ana, American Academy of Pediatrics, limati kuunikaku kuchitike pa miyezi 9, 18 ndi 30, ndipo kwa autism pa miyezi 18 ndi 24. Zidazo nthawi zambiri ndi mafunso omwe kholo limayankha, monga ASQ ndi M-CHAT. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2016 anapeza kuti ana pafupifupi 30 okha pa 100 a miyezi 9 mpaka 35 ndi omwe anaunikidwa motere m'chaka chapitacho, ku Oregon oposa theka, ku Mississippi osafika mmodzi mwa asanu. Ndiye inde, funsani kampani chiwerengero chake pa muyezo umenewu. Koma muyezowo umathera pa tsiku lomwe fomu yadzazidwa. Sunena kuti mwa ana omwe fomu inaonetsa vuto, angati anatumizidwa kwa katswiri, angati anafikadi, anadikira masiku angati, ndipo angati anayamba chithandizo. Kuunika mwana n'kumusiya pamzere wa miyezi isanu ndi umodzi sikumuthandiza. Kumangowonjezera nkhawa ya mayi ake.

Kafukufuku wa CAHPS amafunsa makolo eni ake, ndipo ali ndi gawo lapadera la ana a matenda okhalitsa. Gawolo limafunsa ngati kunali kosavuta kupeza mafizo kapena katswiri wa zoyankhula, kupeza zipangizo monga njinga ya olumala, ndiponso ngati panali wina wothandiza kulumikiza madokotala osiyanasiyana. Pa zonse zomwe zimasindikizidwa, mayankho a gawo limeneli ndi omwe ndingayambe kufuna. Si zigawo zonse zomwe zimawaonetsa kampani ndi kampani, ndipo makolo otopa kwambiri, komanso osadziwa bwino Chingerezi kapena Chisipanishi, ndi omwe kawirikawiri sabweza mafomu. Komabe ndi mawu a anthu amene anagogodadi pakhomo. Chigawo chilichonse chimayeneranso kulemba bungwe lapadera loti liunike makampani ake chaka chilichonse, ndipo lipoti lake limaikidwa pa intaneti. Ndi lalitali komanso lotopetsa, koma mumapezeka zomwe timapepala totsatsa malonda sitinena.

Kukanidwa

Chida chachikulu chomwe kampani imagwiritsa ntchito poletsa ndalama kutuluka ndi prior authorization: dokotala alembe pempho, kampani ivomereze, kenako chithandizo chiyambe. Kwa mwana wochedwa kukula, pempholi limabwerezedwa miyezi ingapo iliyonse, ndipo ulendo uliwonse ndi mpata woti maola adulidwe. Pali msampha womwe makolo ambiri amaudandaula. Mwana akapita patsogolo, amauzidwa kuti sakufunikanso chithandizo. Akapanda kupita patsogolo, amauzidwa kuti chithandizocho sichikugwira ntchito.

Mu July 2023 ofesi ya Inspector General, yofufuza kayendetsedwe ka ntchito mu unduna wa zaumoyo, inatulutsa lipoti la makampani a Medicaid 115 m'zigawo 37, poona za chaka cha 2019. Pempho limodzi mwa 8 alionse linakanidwa, kuposa kawiri mlingo wa Medicare Advantage, inshuwalansi ya okalamba, komwe unali 5.7 pa 100. Makampani 12 anakana mapempho oposa limodzi mwa anayi. Lipotilo linapezanso kuti zigawo zambiri sizinkaunika mokhazikika ngati kukanako kunali koyenera, ndipo anthu ochepa kwambiri ndi omwe anachita apilo. Chiwerengerochi ndi cha odwala onse, si cha ana okha. Koma kusiyana kwa kampani ndi kampani kukuonetsa kuti funso lakuti mumakana mapempho angati a mafizo ndi a zoyankhula a ana, ndipo angati amasinthidwa pa apilo, ndi funso loyenera kufunsa. Kampani yomwe zigamulo zake zambiri zimagwa pa apilo ndiye kuti imakana kaye n'kudikira kuona amene ali ndi mphamvu zolimbana nayo.

Njira ya apilo ili ndi masiku ake, ndipo kuwaphonya kumapweteka. Kalata yokana ikabwera, banja lili ndi masiku 60 ochitira apilo ku kampani, ndipo kampani iyankhe pasanathe masiku 30, kapena maola 72 ngati nkhaniyo ndi yachangu. Ikakananso, nkhani imapita ku bwalo la boma la chigawo. Chofunika kwambiri ndi ichi: ngati kampani ikudula kapena kuimitsa chithandizo chomwe inavomereza kale, ndipo banja lachita apilo n'kupempha kuti chipitirire pasanathe masiku 10 kalata itatumizidwa, chithandizocho chimapitirira mpaka nkhani itagamulidwa. Masiku 10 ndi ochepa kwa mayi wogwira ntchito ya usiku amene amatsegula makalata Lamlungu. Ndi bwinonso kudziwa kuti nkhani ikagamulidwa mokomera kampani, m'zigawo zina banja likhoza kuuzidwa kubweza ndalama za nthawi imeneyo.

Buku la mayina

Kampani iliyonse ili ndi mndandanda wa madokotala ndi akatswiri omwe imagwira nawo ntchito. Mndandandawo umaoneka wautali mpaka utayamba kuimba mafoni. Wina anasamuka, wina salandiranso Medicaid, wina amathandiza akuluakulu okha, wina ali ndi mzere wa miyezi yambiri. Madokotala odziwa za kakulidwe ndi khalidwe la ana ndi ochepa kwambiri m'dziko lonselo, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu ndi m'zipatala za mayunivesite. Mitengo yomwe Medicaid imalipira ndi yotsika, choncho akatswiri ena amasankha odwala a inshuwalansi zina.

Boma linavomereza vutoli m'lamulo la 2024, lomwe linaika malire a kudikira: masiku 15 a ntchito kwa dokotala wamba, masiku 10 kwa chithandizo cha matenda a maganizo, komanso kuti pakhale anthu oimba mafoni monamizira kukhala odwala pofuna kutsimikiza mndandanda. Zimenezi zikuyamba pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Koma mafizo ndi chithandizo cha zoyankhula cha ana sizinatchulidwe pa malirewo. Chigawo chikhoza kuziwonjezera chikafuna. Mpaka pamenepo, kholo lichite lokha ntchito ya woimba foni uja. Musanasankhe, tengani mayina angapo a akatswiri a ana omwe ali pafupi nanu pa mndandanda wa kampani iliyonse, imbani, funsani ngati akulandira ana atsopano a kampaniyo ndiponso tsiku loyamba lomwe lilipo. Ngati mwana ali kale ndi katswiri yemwe anamuzolowera, yambirani kwa iyeyo: mufunseni makampani omwe amalandira, komanso ndi iti yomwe imamuvutitsa pa mapepala. Ogwira ntchito pa desiki ya chipatala cha mafizo amadziwa zimenezi kuposa lipoti lililonse. Mwana wa autism amene watenga miyezi kuti alole munthu kumugwira dzanja sangasinthidwe katswiri ngati mmene timasinthira basi.

Lamulo limatinso ngati kampani ilibe katswiri woyenera pa mndandanda wake, ilipire wakunja popanda banja kuwonjezera ndalama. Limatinso mwana wa zosowa zapadera azitha kupita kwa katswiri wake mwachindunji, osayamba wapempha kalata ulendo uliwonse. Izi sizibwera zokha, zimafuna kuzitchula.

Makomo atatu, mwana mmodzi

Chomwe chimasokoneza kwambiri n'chakuti kampani ya inshuwalansi si yokhayo yomwe ili ndi udindo pa mwana. Kuyambira 1986 pali pulogalamu ya ana osakwana zaka zitatu, yomwe lero imatchedwa Part C ya IDEA, lamulo la maphunziro a ana olumala. Kholo likhoza kuimba lokha popanda kalata ya dokotala, kuyeza n'kwaulere, ndipo pasanathe masiku 45 payenera kukhala msonkhano wokonza dongosolo la mwana ndi banja lake. Chigawo chilichonse chimadziikira mlingo wa kuchedwa womwe umamuyenereza mwana, moti mwana yemweyo akhoza kulandiridwa kwina n'kukanidwa kwina. Akakwanitsa zaka zitatu, udindo umapita ku ofesi ya sukulu za m'dera. Ndiye m'zigawo zina chithandizo cha khalidwe kapena cha olumala chinachotsedwa m'manja mwa kampani n'kupatsidwa bungwe lina. Texas inasonkhanitsa ana olumala mu pulogalamu yawoyawo ya STAR Kids mu 2016. Zigawo zina zinawasiya m'makampani a aliyense.

Pakati pa makomo amenewa ndi pomwe ana amagwera. Kampani imati izi n'za kusukulu, sukulu imati izi n'zachipatala. Koma ntchito ziwirizi n'zosiyana: sukulu imapereka chithandizo chomwe mwana akufunika kuti aphunzire, pomwe Medicaid iyenera kupereka chomwe akufunika pa thanzi lake, kuphatikizapo kudya ndi kumeza kunyumba, ngakhale pa holide. Theka la ola la pagulu kusukulu silichotsa udindo wa kampani. Njira yabwino yoyezera munthu woyendetsa nkhani za mwana amene kampani yakupatsani ndi kuona zomwe achite mwana akamayandikira zaka zitatu. Kodi akudziwa kuti tsikulo likubwera? Kodi walankhula ndi a Part C? Kapena ndi mawu chabe a pafoni omwe amasintha mwezi uliwonse, n'kumakufunsani nkhani yonse kuyambira pachiyambi?

Kwa mabanja athu pali chinanso. Mwana woleredwa m'nyumba yoyankhula Chichewa ndi Chingerezi akhoza kuyezedwa molakwika mbali zonse ziwiri. Woyeza akawerenga mawu a Chingerezi okha, mwana wabwinobwino amaoneka wochedwa. Ndipo mwana wochedwadi amatha kunyalanyazidwa, dokotala kapena agogo ake n'kumati zinenero ziwiri zamusokoneza, ayankhula yekha. Zinenero ziwiri sizichedwetsa kuyankhula, ndipo mawu a zinenero zonse ayenera kuwerengedwa pamodzi. Zida zoyezera nazonso zimatengera kumene zinapangidwa. N'chifukwa chake ku Malawi Melissa Gladstone ndi anzake anapanga chida cha MDAT, chomwe chinasindikizidwa mu 2010, chogwiritsa ntchito zinthu zomwe mwana wakumudzi amazidziwa. Ku America, kampani ya Medicaid imayenera kupereka womasulira kwaulere m'chinenero chilichonse, osati zikuluzikulu zokha. Pemphani womasulira Chichewa kapena Chinyanja, makamaka ngati amene amakhala ndi mwana tsiku lonse ndi agogo. Iwo ndi amene amadziwa zomwe mwana amachita, ndipo mmene kampani iyankhire pempho limeneli muphunzirapo zambiri za iyo.

Mukasankha molakwika, khomo silinatsekeke. Lamulo limalola kusintha kampani popanda kupereka chifukwa m'masiku 90 oyambirira, kenako kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ndiponso nthawi ina iliyonse ngati pali chifukwa chomveka, monga kusowa kwa akatswiri odziwa vuto la mwanayo. Masiku 90 amenewo agwiritsidwe ntchito: pemphani kuyezedwa msanga, perekani pempho loyamba la chithandizo, ndipo lembani tsiku lililonse lomwe mwaimba foni ndi dzina la amene mwalankhula naye. Chigawo chilichonse chili ndi Family-to-Family Health Information Center, komwe ogwira ntchito ambiri ndi makolo a ana otere, ndipo thandizo lawo n'laulere. Afunseni kampani yomwe makolo a m'dera lanu akuidandaula chaka chino, chifukwa makontirakiti amasintha ndipo kampani yomwe inali yabwino zaka ziwiri zapitazo ikhoza kukhala itataya theka la akatswiri ake.